Masewero opanda oonerera: mmene amakonzera larp ya atengambali olembedwa kale

Mu Novembala 2014, anthu oposa 100 ochokera m'maiko osiyanasiyana anasonkhana m'nyumba yakale yamalinga yotchedwa Czocha ku Poland, ndipo kwa masiku angapo anakhala ngati ophunzira ndi aphunzitsi a pasukulu ya matsenga. Kudya, kulowa m'kalasi, kukangana, kufunsirana, zonse ankachita m'dzina la munthu wina. Panalibe nsanja, panalibe oonerera, panalibenso mawu oloweza pamtima. Chimene aliyense anali nacho ndi pepala lomuuza kuti iye ndi ndani m'nkhanimo. Masewerowo ankatchedwa College of Wizardry, ndipo zithunzi zake zitafala pa intaneti, anthu ambiri anamva koyamba za mtundu wa masewero wotchedwa larp, chidule cha mawu a Chingerezi akuti live action role-playing.

Amene anasewerako masanje ali mwana, maziko a larp akuwadziwa kale: uyu ndi bambo, uyu ndi mayi, uyo ndi fisi wodzaba ndiwo, ndipo nkhani imadziyendera yokha bola aliyense asunge mbali yake. Kusiyana kwake n'kwakuti larp amasewera kwambiri ndi akuluakulu, imatha kutenga maola anayi kapena masiku atatu, ndipo kumbuyo kwake kumakhala gulu la anthu amene akhala miyezi yambiri akukonza malo, zovala, chakudya ndi nkhani.

Njira zopezera atengambali zilipo ziwiri. Pa masewero akuluakulu a ku Germany monga DrachenFest ndi ConQuest of Mythodea, kumene kumafika anthu masauzande, wosewera amadzipangira yekha mtengambali wake n'kumabwera naye chaka ndi chaka. Njira yachiwiri ndi yakuti okonza amalemba okha mtengambali aliyense, ndi mbiri yake, zofuna zake ndi abale ake, kenako n'kugawira osewera. Njira imeneyi ndi yozika mizu ku Finland, Norway, Sweden ndi Denmark, maiko amene kuyambira 1997 akhala akusinthana kuchititsa msonkhano wa okonza larp umene unayambira ku Oslo ndi dzina lakuti Knutepunkt. Imapezekanso ku Czech Republic ndi pa misonkhano ya Intercon ku America, kumene masewero ambiri amakhala a maola anayi. Ku China kuli m'bale wake wotchedwa jubensha, mmene anthu ochepa amalandira timabuku ta atengambali n'kufufuza amene wapha munthu.

Ubwino wa njira yachiwiriyi ndi woonekeratu. Munthu amene sadziwa aliyense akhoza kufika yekha, n'kupeza kuti ali kale ndi mchimwene, mdani, chibwenzi chakale ndi ngongole yoti abweze. Koma mtolo wonse umagwera okonza. Wosewera akakhala ndwii pakona tsiku lonse osapeza chochita, sanganene kuti analakwitsa yekha polemba. Analipira, anawerenga zimene anapatsidwa, ndipo zimenezo sizinamugwirire ntchito. Olemba ongoyamba kumene amaganiza kuti ntchito yawo ndi kupeka anthu 60 osangalatsa. Ntchito yeniyeni ndi kulemba zimene zili pakati pa anthu 60 amenewo, ndipo zina zonse, kuyambira kugawa mbali mpaka kukonza nthawi ya chakudya, zimatsatira pamenepo.

Zoyenera kukhala papepala

Tiyerekeze larp ya osewera 60, ya masiku awiri, yochitikira m'nyumba ya mwini fakitale wolemera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1920. Mkuluyo wamwalira, ndipo kwafika ana ake, azipongozi, antchito a m'nyumba, maloya, ochita naye malonda ndi oimira ogwira ntchito kufakitale. Chuma chigawidwa mawa madzulo.

Pepala loipa la mwana wachiwiri wa malemuyo limayamba ndi ubwana wake, sukulu imene anaphunzira, galu amene ankamukonda, ulendo wake wa kunyanja ndi imfa ya amayi ake. Likhoza kukhala lokoma kuwerenga, koma galu uja kulibe, amayi aja kulibe, nyanja kulibe. Wosewera akalowa m'chipinda chodzaza anthu alibe chifukwa chopitira kwa wina aliyense. Choncho chiganizo chilichonse chiyesedwe ndi funso limodzi: kodi chimutuma munthuyu kwa munthu wina amene adzakhalepo pamalopo? Ngati ayi, chifupikitsidwe kapena chichotsedwe.

Pepala labwino limanena kuti mwana wachiwiriyu anabwereka ndalama zambiri kwa mlamu wake polonjeza kuti adzabweza chuma chikagawidwa, kuti wophika wa m'nyumbamo anamuona akutsegula kabati ya mapepala a bambo ake usiku wa imfa yawo, ndi kuti amakondana ndi mmodzi wa oimira ogwira ntchito, amene akufuna kuti fakitale isagulitsidwe pamene iye akufunitsitsa itagulitsidwa. M'mizere itatu yokha muli anthu atatu oti awafunefune, chinthu chimene akufuna, chimene chikumutsekereza, ndi mtima wogawanika pawiri. Mtima wogawanikawo ndi wofunika kuposa cholinga. Cholinga chikhoza kutheka ola loyamba n'kumusiya munthu alibe chochita, pamene kusankha pakati pa ndalama ndi chikondi kumamuvutitsa mpaka mapeto.

Mtengambali afunikanso ntchito ya manja kapena udindo wa tsiku ndi tsiku: kuperekera tiyi, kuwerenga makalata a chipepeso, kulemba zokambirana za maloya. Pamene nkhani yazizira, ntchito yotere ndi imene imamuyendetsa munthu chipinda ndi chipinda n'kumukumanitsa ndi anzake.

Pali makhalidwe ena amene amaoneka abwino papepala koma amapha masewero. Mukalemba kuti munthu ndi wamanyazi, wosakhulupirira anthu, wokonda kukhala yekha, wosewera wokhulupirika adzachitadi zomwezo ndipo adzasungulumwa masiku awiri. Manyazi amagwira ntchito pokhapokha ngati pali chomukankha, monga wamanyazi amene malemu anamusankha kuti ndiye adzawerenge mawu otsanzikana pamaso pa banja lonse. Chimodzimodzi udindo. Atengambali apamwamba, monga mwana woyamba kapena loya wamkulu, anthu amawafunafuna okha, motero pepala lawo liwauze kuti azigawa ntchito, azitumiza anthu, azimvera miseche ya antchito. Atengambali apansi apatsidwe mphamvu ina yake: wantchito amene amasunga makiyi, dalaivala amene akudziwa kumene bwana ankapita Lachinayi lililonse. M'chaka cha 1999, Eirik Fatland ndi Lars Wingård a ku Norway analemba mfundo zotchedwa Dogma 99, ndipo imodzi mwa izo inali yakuti pasakhale mtengambali amene ntchito yake ndi kungothandizira nkhani ya wina. Ambiri sanatsatire mfundo zonsezo, koma imeneyi inakhazikika, ndipo m'pomveka: wosewera wophika walipira chimodzimodzi ndi wosewera mwana woyamba.

Nkhani ya zinsinsi ndi pamene ambiri amaphonya. Chinsinsi chodziwa munthu mmodzi yekha ndi chakufa, chifukwa mwini wake amachisunga bwino kwambiri moti masewero amatha osamveka. Chinsinsi chamoyo chimafuna anthu osachepera atatu: mwini wake, wina amene akuchidziwa ndipo angapindule pochiulula kapena pochigwiritsa ntchito poopseza, ndi wina amene akuchifufuza. Papepala palembedwenso poyera kuti chinsinsichi chiyenera kutuluka, mwina n'kunena nthawi yake, monga pa chakudya chamadzulo cha tsiku loyamba. Okonza ena anasiyiratu kubisa. Amaika mapepala onse poyera kuti aliyense awerenge, podziwa kuti wosewera amene akudziwa chinsinsi cha mnzake, ngakhale mtengambali wake sakuchidziwa, amatha kufunsa funso lolasa pamalo oyenera. Njirayi imachotsa kudabwa, koma imachepetsa nkhani zofera m'thumba. Pa larp yofufuza chigawenga siingagwire. Pa larp ya mikangano ya m'banja nthawi zambiri imaposa kubisa.

Kutalika kwa pepala kumasiyana ndi miyambo. Ku Finland si zachilendo kulandira masamba khumi kapena kuposa. College of Wizardry inkapereka mapepala aafupi, atengambali osatchulidwa kuti ndi amuna kapena akazi, dzina loyamba lili chilembo chimodzi chokha kuti wosewera amalize yekha, ndipo maubale ambiri osewera ankapangana okha pa Facebook masewero asanafike. Zimenezi zimapeputsa ntchito ya olemba, koma zimakomera anthu amene ali ndi nthawi yocheza pa intaneti ndi amene akudziwana kale. Kaya pepala ndi lalitali chotani, pamwamba pake pakhale chidule cha theka la tsamba, pakuti ambiri amaliwerenganso ali m'basi popita kumaloko. Zokhudza gulu lonse, monga mbiri ya banja kapena malamulo a fakitale, zilembedwe papepala lapadera loperekedwa kwa onse a m'gululo, osati kubwerezedwa mwa aliyense. Ku America amalitcha blue sheet.

Ukonde wa maubale

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri, ndipo masamu ake amadabwitsa ongoyamba. Atengambali 60, aliyense ndi maubale asanu, ndiye kuti maubale 150. Ubale uliwonse umalembedwa kawiri, mbali ya uyu ndi mbali ya uyo, zomwe zikupereka ndime 300. Ngati mtengambali mmodzi akutenga maola 6 kumulemba ndi kumukonza, onse pamodzi ndi maola 360, osawerengera misonkhano. Ndiye chifukwa chake larp yotere kawirikawiri imalembedwa ndi gulu, ndipo gululo limabweretsa vuto lake lakelake: wolemba wina akuti ukwati unachitika mu 1919, wina akuti mu 1921, ndipo osewera awiri okwatiranawo amazindikira zimenezi ali kale pamalo.

Mankhwala ake ndi kuyamba ndi ukonde, mapepala pambuyo. Olemba onse akhale pamodzi ndi timapepala tomata pakhoma, ajambule magulu ndi mizere yolumikiza anthu, agwirizane kaye kuti ndani ali ndi chiyani ndi yani. Maina, zaka, masiku ofunika ndi kuchuluka kwa ndalama zilembedwe malo amodzi okha, monga mu spreadsheet (tebulo la pakompyuta) imene onse akuiona, ndipo aliyense azitenga pamenepo. Pomaliza pakhale mkonzi mmodzi amene sawerenga mtengambali ndi mtengambali koma ubale ndi ubale, mbali ziwiri zija ataziika pamodzi. Sikuti ziyenera kufanana. Mlamu akhoza kuona ngongole ija ngati chifundo, wobwereka n'kuiona ngati goli. Koma zochitika zenizeni zigwirizane, ndipo kulemera kwa ubalewo kufanane. Cholakwika chopweteka kwambiri ndi chakuti pepala la uyu lili ndi tsamba lathunthu lonena za uyo, pamene pepala la uyo langomutchula m'mzere umodzi. Woyamba amafika ndi chiyembekezo chachikulu, wachiwiri alibe naye nthawi.

Maubale a anthu awiriawiri ndi osalimba. Mmodzi akadwala, akatopa kapena ngati sakugwirizana ndi mnzakeyo, nkhani yonse yagwa. Atatu amalimba bwino, chifukwa awiri akhoza kukangana za wachitatu ngakhale iye palibe. Larp ya ku Norway yotchedwa Just a Little Lovin', imene Tor Kjetil Edland ndi Hanne Grasmo analemba ndipo inaseweredwa koyamba mu 2011, ndi chitsanzo chimene okonza ambiri amaphunzirapo. Imakamba za magulu a mabwenzi a ku New York pamene Edzi inkayamba, ndipo mtengambali aliyense ali m'kagulu kakang'ono ka anthu apamtima komanso m'gulu lokulirapo la ocheza nawo. Kagulu kakang'ono kakalephera, gulu lalikulu limamunyamula. Pamwamba pa zimenezi m'pofunika mizere ingapo yodutsa malire a magulu, apo ayi banja lidzakhala m'chipinda chochezera, antchito kukhitchini, ngati masewero awiri osiyana.

Ukonde ukatha, muwerenge mizere ya munthu aliyense. Amene ali ndi iwiri yokha awonjezeredwe. Amene ali ndi 15 achepetseredwe, ndipo ameneyu ndiye woopsa kwambiri, ngakhale amaoneka ngati wodala. Anthu 15 adzakhala pamzere kumudikira, iye sangawakwanitse onse, ndipo khumi mwa iwo adzabwerera kwawo akuti nkhani yawo sinayende.

Kugawa mbali

Olembetsa amadzaza fomu. Mafunso othandiza si akuti "mukufuna kukhala ndani", pakuti ambiri anganene mwana woyamba. Ndi onena za mtundu wa zochitika: kodi mukufuna kulamula kapena kulamulidwa, mumakonda kuyankhula pagulu kapena kunong'onezana pakona, mukufuna nkhani ya chikondi ndipo ndi anthu otani, ndi nkhani ziti zimene simukufuna kuzikhudza m'pang'ono pomwe, monga imfa ya mwana kapena nkhanza za m'banja. Pakhalenso mafunso a thupi: kukwera masitepe, kuimirira nthawi yaitali, kugona mochedwa, zakudya zimene zimamudwalitsa munthu. Mayankho amenewa ndi a chinsinsi, ndipo ku Ulaya lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limafuna kuti aziona ndi okhawo ofunikira ndipo asasungidwe popanda chifukwa.

Masewero otchuka amalandira olembetsa ochuluka kuposa malo. Kupereka malo kwa oyamba kulembetsa kumakomera amene ali ndi intaneti yothamanga ndi ndalama zili kale m'manja, choncho ambiri amachita maere, ena n'kupatula malo angapo a ongoyamba kumene kapena matikiti otsika mtengo. Okonza ambiri amatumizanso mndandanda wa olembetsa kwa onse, kuti amene ali ndi nkhawa ndi munthu wina anene mwachinsinsi. Mafomu abwino amasiyanitsa pakati pa "sindikufuna kukhala naye pa ubale wapafupi" ndi "munthuyu ndi woopsa kwa ena". Choyamba chimakonzedwa pogawa mbali. Chachiwiri chimafuna kufufuza ndi kugamula, ndipo ndi bwino kulemba ndondomeko yake dandaulo loyamba lisanafike, mitima isanatenthe.

Pogawa, yambani ndi mbali zovuta kudzaza, zosiririka zibwere pambuyo. Wankhanza wa m'nkhani amafuna wosewera wodekha, wodziwa kuona pamene mnzake zamukwana. Mtsogoleri wa gulu amafuna munthu wokonda kukweza ena, osati wokonda kuwala yekha. Ongoyamba asaunjikidwe m'kagulu kamodzi, ndipo mabwenzi akale asapatsidwe kagulu kawokawo kotseka, chifukwa amaiwala ena onse. Mapepala atumizidwe kutatsala miyezi iwiri kapena itatu, kuti anthu asoke zovala ndi kulumikizana.

Kenako anthu amayamba kusiya. Matenda, ntchito, maliro, ndege yolephereka: palibe larp imene imayamba ndi anthu onse amene anagawiridwa mbali poyamba. Pa masewero odzilembera, kusowa kwa munthu mmodzi sikumveka. Pano kumasiya maenje m'mapepala a anthu asanu. Konzani ngati kuti mmodzi mwa khumi alionse sadzafika. Mndandanda wa odikira ukhale ndi funso lakuti munthu angalowe ngakhale kutatsala masiku angati. Olemba adziwiretu atengambali atatu kapena anayi amene angachotsedwe osagwetsa nyumba, ndi amene sangasowe zivute zitani, kuti wina akasiya usiku womaliza, wosewera asamutsidwe kuchoka pa mbali yochotseka kupita pa yofunika. Atengambali amene akhoza kuseweredwa ndi mwamuna kapena mkazi amapeputsa kwambiri ntchito imeneyi. Ndipo amene ataya mnzawo auzidwe msanga, apatsidwe ubale wina wolowa m'malo, osati kungouzidwa kuti aone chochita.

Za ndalama tinene mwachidule. Malo ndi chakudya ndi zimene zimadya gawo lalikulu, ndipo malo abwino amasungitsidwa kutatsala chaka. Bajeti ikwane ngakhale matikiti asanathe onse, mwina pa 80 mwa 100 alionse, pakhale ndalama zapadera za zogwa mwadzidzidzi, inshuwalansi, ndi lamulo lomveka la kubweza ndalama. Mabedi, zimbudzi ndi kukula kwa khitchini ndi zimene zimanena chiwerengero cha osewera, osati chikhumbo cha olemba. Malo amalamulanso nkhani. Larp ya Monitor Celestra, imene inachitika mu 2013 ku Gothenburg m'sitima yankhondo yakale yotchedwa Småland, inapeza tinjira topanikiza ndi makoma achitsulo popanda kumanga. Odysseus ya ku Finland mu 2019 inachita kusandutsa sukulu kukhala chombo cha m'mlengalenga, ntchito imene inafuna anthu ongodzipereka ochuluka zedi.

Maola a kukonzekera

Osewera akafika sayamba nthawi yomweyo. Pa larp ya masiku awiri, si zachilendo kuthera theka la tsiku kapena tsiku lathunthu pa maphunziro okonzekera, ndipo okonza amene amadula nthawiyi kuti masewero atalike amanong'oneza bondo. Apa m'pamene pepala limasanduka nkhope. Anthu amaimirira m'magulu awo, amatchulana maina, amayeseza moni ndi ulemu wa nthawi imeneyo, ndani amagwadira yani, ndani sayankhula asanafunsidwe. Apatsidwenso mphindi zisanu kapena khumi ndi munthu aliyense wa ubale wapafupi kuti agwirizane: kodi tingagwirane manja, ungandikalipire pamaso pa anthu, ukufuna kuti ubalewu uthere pabwino kapena poipa? Mabaji a maina amathandiza, ngakhale amaononga pang'ono maonekedwe. Palibe amene angasunge maina 60 tsiku limodzi, ndipo n'zochititsa manyazi kufunsa dzina la munthu amene papepala ndi mchemwali wako.

Zinthu zimene sizingachitike zenizeni zimakhala ndi njira zoimira. Ndewu imachitika ndi zida zofewa ngati siponji zimene zayesedwa chimodzichimodzi, kapena mwapang'onopang'ono mogwirizana. Mowa nthawi zambiri umakhala tiyi wozizira kapena juwisi. Za kuchipinda zimaimiridwa ndi njira monga ars amandi, imene Emma Wieslander anakonzera larp ya ku Sweden ya Mellan himmel och hav mu 2003, mmene anthu amagwirana manja, mikono ndi mapewa okha uku akuyang'anana.

Mawu oimitsira masewero ayesezedwe mokweza, osati kungowerengedwa. Ku Norway kunachokera awiri amene afala kwambiri: kutt, loimitsa zonse pomwepo, ndi brems, louza mnzako kuti achepetse koma osasiya. Palinso chizindikiro cha dzanja chofunsira ngati mnzako ali bwino, iye n'kuyankha ndi chala chachikulu choloza m'mwamba kapena pansi, ndi china chophimba maso ndi dzanja potuluka m'chipinda, kutanthauza kuti musanditsate, musandifunse. Chifukwa choyesezera n'chakuti munthu amachita manyazi kukhala woyamba kuimitsa anthu 60. Akalitchulapo kale liwulo m'mawa, onse akuseka, silimulemera pakamwa usiku. Pakhale chipinda chopumira kunja kwa nkhani, chokhala ndi madzi, tiyi, bulangete ndi munthu amene ntchito yake ndi kumvetsera basi, wosiyana ndi woyendetsa masewero, komanso wodziwa chithandizo choyamba. Lamulo lakuti aliyense akhoza kuchoka nthawi ina iliyonse osafotokoza chifukwa linenedwe poyera.

Masewero ali mkati

Akayamba, okonza sangathenso kulamula zimene anthu anene. Chimene chatsala m'manja mwawo ndi nthawi. Popanda ndondomeko, zimachitika ziwiri: zinsinsi zonse zimaphulika m'maola atatu oyamba anthu n'kusowa chochita mawa lake, kapena onse amasunga zawo mpaka ola lomaliza, pamene aliyense akulira ndi kuulula nthawi imodzi popanda womumvera. Kugawa masewero m'zigawo kumathetsa zimenezi. Just a Little Lovin' ili ndi zigawo zitatu, maphwando a pa 4 Julayi a 1982, 1983 ndi 1984, ndipo pakati pake osewera amatuluka m'nkhani n'kukambirana zimene zachitika m'chaka chodutsacho. Odysseus inkayenda ngati wotchi: pafupifupi maola atatu alionse chombo chinkayenera kuthawa adani, ndipo madokotala, mainjiniya ndi asilikali onse ankakhala yakaliyakali pa nthawi yodziwika. M'chitsanzo chathu chija, mafupa a nkhani ndi mwambo wa maliro, chakudya chamadzulo, kufika kwa kalata yochokera kubanki ndi kuwerengedwa kwa wilo. Gawo lililonse lipatsidwe mutu wake, monga lakuti m'gawo loyamba tikusunga ulemu, m'lachiwiri ulemu ukung'ambika.

Othandizira amene amalowa ndi mbali zazifupi, wapolisi, mtolankhani, wamthenga, ndi chida chokonzera pamene pazizira. Oyendetsa masewero azikhala ndi mndandanda wa atengambali onse, ndipo wina azizungulira atavala ngati wantchito n'kumaona amene wakhala yekha nthawi yaitali. Kalata imodzi yopita kwa munthu ameneyo, yokhala ndi uthenga umene ena akuufuna, imamubwezera pakati pa anthu. Chofunika kusamala n'chakuti othandizirawo asalande nkhani. Wapolisi amene wabwera, wafufuza, wagamula mlandu n'kumapita, wadya chakudya cha osewera.

Chakudya chenichenicho chisachedwe. Anthu anjala ndi osagona amakwiya zenizeni, ndipo mkwiyo umenewo umalowa m'nkhani. Nthawi yogona ilengezedwe, ndipo zinthu zikuluzikulu zisachitike 3 koloko usiku, apo ayi aliyense adzaopa kugona. Okonza nawonso azisinthana. Amene amayankha mafunso onse asakhale munthu mmodzi, chifukwa pakhomo pake pamakhala mzere, ndipo akagwa ndi kutopa zonse zimaima.

Mapeto akhale odziwika, monga nyimbo imene onse anauzidwa kuti ikamveka ndiye kuti zatha. Pambuyo pake anthu amavula chinthu chimodzi cha mtengambali, amatchula dzina lawo lenileni, n'kukhala m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi, aliyense n'kupatsidwa mphindi zofanana zoyankhula popanda womudula. Osewera amatcha bleed pamene zomva za mtengambali zatsalira mwa munthu kapena za munthu zalowa mwa mtengambali: kupitiriza kuipidwa ndi amene anasewera mdani wako, kapena kumusowa amene anasewera mkazi wako. Si matenda, ndipo nthawi zambiri zimatha m'masiku ochepa, koma amene anasewera wankhanza ndi amene anachitiridwa nkhanzazo apeze mpata wocheza ngati anthu wamba asanabalalike.

Fomu ya ndemanga itumizidwe patapita masiku angapo, chisangalalo chitatsika, ndipo ifunse za mtengambali mwachindunji: ubale uti unagwira, uti sunayambe n'komwe, ndi nthawi iti pamene munasowa chochita. Popeza kulemba kumadya maola ochuluka chonchi, masewero ambiri otere amabwerezedwa kangapo ndi osewera atsopano, monga Monitor Celestra imene inaseweredwa katatu, ndi Odysseus imene inabwereranso mu 2024. Kubwerezako kumapereka mwayi wosiyanitsa vuto la wosewera ndi vuto la pepala. Mtengambali akadandaulidwa kamodzi, mwina wosewerayo sanagwirizane naye. Akadandaulidwa ndi anthu awiri osiyana pa maulendo awiri osiyana, bwererani kukhoma lija la timapepala, muwerenge mizere yake, muone ngati anthu amene iye akuwafuna nawonso ali ndi chifukwa chomufunira.